Ngongole ya msonkho wa malo ingathe kulanditsa nyumba ya bizinesi

Eni magolosale, zigayo, malo ogona alendo ndi nyumba za lendi m'madera monga Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25 mu mzinda wa Lilongwe angathe kulandidwa malo awo ngati alekerera ngongole ya msonkho wa malo ndi nyumba, womwe ambiri amautchula kuti city rates.

Msonkhowu umaperekedwa ku khonsolo ya mzinda motsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la chaka cha 1998. Ndi wosiyana ndi misonkho ya bungwe la MRA, ndalama ya chiphaso cha bizinesi komanso lendi ya malo. Kuchuluka kwake kumatengera mtengo wa malo ndi nyumba umene akatswiri analemba m'kaundula wa khonsolo, yemwe amayenera kuunikidwanso pa zaka 5 zilizonse. Choncho mwini nyumba amalipira ngakhale malonda asakuyenda kapena nyumbayo ilibe munthu wochita lendi.

Chilango choyamba ndi chiwongoladzanja. Lamulo la 1998 linakhazikitsa kuti pakatha masiku 60 msonkho usanaperekedwe, khonsolo iwonjezerepo K4 pa K100 iliyonse mwezi uliwonse, kuwerengera kuyambira tsiku limene msonkhowo unayenera kulipiridwa. Mwachitsanzo, ngongole ya K500,000 imabala K20,000 pa mwezi, kutanthauza K240,000 pa chaka. Pomwepo bilu yatsopano imakhala ikubwera.

Chachiwiri, ngongoleyi imamatirira pa malowo. Mwini akafuna kugulitsa nyumba kapena kuipereka ngati chikole ku banki, nkhani ya msonkho wotsalira imatulukira ndipo ingaimitse zonse. Khonsolo ilinso ndi mphamvu zotengera wangongole ku khoti, ndipo makhonsolo a mizinda m'dziko muno akhala akutseka malo a bizinesi pofuna kuti eni ake alipire. Sitolo ikatsekedwa, amene amayamba kulira ndi antchito ndi ochita lendi.

Chilango chachikulu chimadza ngongole ikatha zaka 3. Khonsolo imasindikiza dzina la mwini, malo ake ndi ndalama zotsalira mu Gazette ya boma ndi m'nyuzipepala, n'kumupatsa masiku 30 kuti alipire. Akalephera, malowo amalandidwa kudzera ku khoti n'kugulitsidwa pa okushoni.

Kusalipiraku kumapwetekanso mzinda wonse, pakuti msonkhowu ndiye gwero lalikulu la ndalama zimene khonsolo imatolera yokha pochotsera zinyalala, kukonza misewu ndi ngalande, komanso kuyatsa magetsi a m'misewu. Ndalama zikachepa, madera odzaza anthu monga Chinsapo ndi Mgona, komwe nyumba zambiri zinamangidwa popanda mapulani a mzinda, ndi amene amavutika koposa nthawi ya mvula.

Udindowu ukukhudzanso akuluakulu a m'maunduna ndi m'nthambi za boma, popeza lamulo lomweli linati boma lizipereka theka la msonkho wa nyumba zake zoyenera kulipiridwa. Boma likachedwa, khonsolo imasowa mphamvu pokakamiza wamalonda wa ku Kawale.

Mwini malo amene watsalira ayenera kupita ku ofesi ya zachuma ya khonsolo kukaona kuchuluka kwa ngongole yake, kukambirana za kalipiridwe ka pang'onopang'ono ndi kusunga malisiti onse, chiwongoladzanja chisanapose msonkho weniweniwo.