Makina Ophunzitsira ndi Mwana wa m'Mzinda wa Blantyre

Wophunzira uphunzitsi amene adzatumizidwa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri adzapeza kuti kalasi la Sitandade 1 nthawi zambiri limakhala ndi ana oposa 100, ena pansi, ena pakhomo. Kuchulukaku kudakula m'chaka cha 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo ana olembetsa adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chitseko chidatseguka, koma mphunzitsi mmodzi sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga. Tsono funso nali: kodi makina angathe kumthandiza? Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo funsoli lasenzedwa ndi akatswiri a mitundu itatu.

Oyamba ndiwo odziwa za maganizo a mwana. M'chaka cha 2013 a Nicola Pitchford a ku yunivesite ya Nottingham adachita kafukufuku pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Adatenga ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3, nawagawa patatu. Gulu loyamba linkaphunzira masamu m'Chichewa pa makina a m'manja otchedwa tabuleti, mphindi 30 pa tsiku kwa milungu 8. Lachiwiri linkagwira makina omwewo koma opanda masamu. Lachitatu linkaphunzira mwa nthawi zonse. Taonani nzeru ya gulu lachiwirilo: lidaikidwa kuti zidziwike ngati chothandiza mwana ndi phunziro la m'katimo kapena kungokondwa ndi chinthu chachilendo. Ana a gulu loyamba ndiwo adapambana anzawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Makinawo amamdikira mwana wochedwa, amamuuza pomwepo akalakwa, ndipo samchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Achiwiri ndiwo amisiri a makina ndi magetsi. Iwo amafunsa kuti: chipangizochi chidzadya moto wochokera kuti? Funsoli si lachabe, pakuti mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mzinda udakhala m'mdima wa kawirikawiri kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake matabuleti a m'sukulu amadzazidwa ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo maphunziro amasungidwa m'kati mwake kuti asasowe intaneti. Nzeru yomweyi idaoneka kale m'chaka cha 2008, pamene maphunziro a Tikwere adayamba kuulutsidwa pa wailesi ya MBC.

Achitatu ndiwo odziwa za chuma ndi kakhalidwe ka anthu, ndipo awa ndiwo atiyandikira kwambiri ife a m'tauni. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Zingwangwa amalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba; ngati sadziwa kuwerenga uthenga wa pa foni, ayenera kukhulupirira mawu a wogula. Mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula ku Ndirande amayeza lata ndi kuwerengera phindu lake. Kotero kuwerenga ndi masamu a Sitandade 2 ndiwo mpamba woyamba wa munthu wa m'tauni, amene alibe munda wothawirako. Akatswiri omwewa amatikumbutsanso kuti umphawi umamchotsa mwana m'kalasi. Mwana wotumidwa kukagulitsa mandasi kapena kukaima pa mzere wa madzi sangapindule ndi makina amene ali m'kabati ya ahedi. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe, sukulu zidatsekedwa, ndipo zina zidasanduka misasa ya anthu osowa pokhala.

M'chaka chomwecho cha 2023 Unduna wa Maphunziro udayambitsa ntchito yotchedwa BEFIT, pamodzi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, ndi cholinga chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma aziphunzira kuwerenga Chichewa ndi masamu pa matabuleti. Ambiri a inu mudzakumana nawo makinawa.

Nanga udindo wanu ndi wotani? Musayese kuti nthawi ya matabuleti ndi nthawi yopuma. Yendani pakati pa ana, muone amene waima pa chilembo chimodzi, ndipo mawa lake chilembo chomwecho muchilembe pa bolodi, muchimangire mawu odziwika kwawo monga "moto", "madzi" ndi "msika". Onani kuti atsikana ndi ana ofatsa sakulandidwa mpata ndi anzawo amphamvu. Sungani kabuku kolembamo amene wajomba ndi chifukwa chake, ndipo pakutha pa teremu muyerekeze kawerengedwe ka ana obwera masiku onse ndi ka ojombajomba. Mukatero mudzakhala mutachita kafukufuku wanuwanu, ndipo mudzakhala ndi mawu oona owauza makolo pa msonkhano.

Makina amadziwa yankho limene mwana walakwa, koma sadziwa kuti mwanayo wagona ndi njala kapena kuti kwawo kwagwa maliro. Zimenezo adzazidziwa ndinu, ndipo ndinu amene mudzapita kukamfuna akasowa masiku atatu.