Kodi mumadziwa? Za chilolezo m'Chifalansa ku Gaborone

Kodi mumadziwa kuti ku Gaborone, likulu la dziko la Botswana, kumene kuli maofesi a bungwe la SADC lomwe pangano lake lidasainidwa ku Windhoek pa 17 Ogasiti 1992, zikalata za misonkhano zimatembenuzidwanso m'Chifalansa, pofuna kuti nthumwi za maiko monga Democratic Republic of Congo, Madagascar ndi Comoros zimve bwino zimene atsogoleri amanga? Chingerezi ndi Chipwitikizi ziliponso, ndipo Chiswahili bungweli lidachilandira mu 2019 pa msonkhano wa ku Dar es Salaam.

Koma ntchito imene omasulira amatuluka nayo thukuta, ngakhale iwo amene adakhwima m'Chingerezi ndi m'Chifalansa momwe, ndiyo ya mawu a chilolezo. Pakuti pamene Mngerezi anena "licence" pa chiphaso choyendetsera galimoto, Mfalansa amati "permis de conduire", ndipo liwu lake la "licence" amalisungira zinthu zina, monga digiri yoyamba ya kuyunivesite, kotero kuti wotembenuza mwaphuma angathe kupatsa dalaivala ulemu wa munthu wophunzira umene sadauvutikire. Banki ikaloledwa ndi boma kugwira ntchito, Afalansa amakonda kunena "agrément". Mlendo wololedwa kukhala m'dziko amapatsidwa "titre de séjour".

Mawu a lamulo ndiwo oopsa koposa. M'Chingerezi, "may" amalola, "shall" amalamula, ndipo Chifalansa cha m'mapangano nthawi zambiri chimalemba lamulo lotere ngati chinthu chochitika tsiku ndi tsiku, osawonjezerapo liwu lokakamiza. Poti safunsa adadya phula, womasulira wanzeru amayamba wafunsa maloya asanalembe.