Nsomba ya Wrasse: Musangoona Mawanga, Funsani Chimene Imadya

Ambirife tikudziwa kuti mbuna za m'nyanja yathu zimagulitsidwa kunja, komwe anthu amaziweta m'mathanki agalasi pokongoletsa nyumba. Kunyanja zamchere, monga kugombe la Pemba ku Mozambique, kuli nsomba inanso yotchuka m'mathanki otere, dzina lake wrasse. Ili ndi mitundu yoposa 600, koma si yonse imene imakhalitsana ndi zinzake m'thanki yamadzi amchere momwe muli makorali, nkhono ndi tinkhanu.

Woweta wochenjera amayamba wafufuza kadyedwe ndi khalidwe lake. Za mtundu wa Cirrhilabrus zimadya tizamoyo toyandama m'madzi, choncho siziwononga makorali, kungoti n'zodumphadumpha, thanki imafunika chivundikiro. Za Halichoeres zimagona zitadzikwirira, ndiye pansi pazikhala mchenga wofewa, komanso zikakula zimatha kudya nkhono ndi tinkhanu tija. Ya mizere 6 ndi yaing'ono koma yaukali, imathamangitsa zobwera pambuyo pake, n'chifukwa chake amaiika pomaliza. Zazimuna ziwiri za mtundu umodzi zimangokhalira kumenyana.

Palinso Labroides, yomwe imatola tizilombo pathupi la nsomba zikuluzikulu. M'thanki tizilomboto n'tochepa, moti nthawi zambiri imafa ndi njala, pomwe kumatanthwe kumene yachotsedwa zinzake zimasowa wozitsuka.

Ifenso kuno timadziwa kuti mbuna zambiri zimadya ndere pamiyala pomwe ncheni imasaka tinsomba. Mukaika tiana ta mbuna pamodzi ndi ncheni, mwangoipatsa ndiwo. Ndi wrasse n'chimodzimodzi: mukasankha molakwika, nsomba zifa, ndalama n'kulowa m'madzi.