Za Malo Ogona ndi Lamya pa Phiri la Mulanje

Anzanga a m'kalabu yathu ya zachilengedwe akukonza ulendo wokakwera phiri la Mulanje pa tchuthi chikudzachi, ndipo popeza ine ndinalikwerapo, andifunsa mafunso awiri kawirikawiri: kodi tikagona kuti, nanga lamya zathu za m'manja zikagwira? Funso lachiwirilo kwenikweni si lao ai, ndi la makolo. Kwathu ku Area 47 amai ena anena poyera kuti mwana wao sapita pokhapokha atalonjeza kuimba foni madzulo ali onse. Anzanga, lonjezo limenelo musalipereke, pakuti simudzatha kulisunga.

Poyamba mudziwe kuti Mulanje sali ngati mapiri a kuno. Bunda, Nkhoma kapena Dedza munthu akwera mmawa natsika dzuwa lisanalowe. Koma Mulanje ndi dziko lathunthu lokhala m'mwamba, la madambo, zigwa ndi nsonga zambiri, ndipo yaitali koposa ndi Sapitwa, ya mamita 3,002. Tsiku loyamba lithera m'basi, pakuti kuchokera kuno kufika ku Blantyre kokha pali makilomita opitirira 300. Ambiri amayambira pa Likhubula, pamene pali ofesi ya za nkhalango. Pomwepo mulembetsa maina, mulipira, ndi kupeza wotsogolera njira ndi onyamula katundu.

Pamwambapo pali nyumba zogona alendo pafupifupi khumi, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Chisepo. Zinamangidwa motalikirana kotero kuti munthu ayenda maora angapo kuchoka pa ina kufika pa inzake. Wofuna Sapitwa agona ku Chisepo, chifukwa ndiyo iri pafupi ndi nsongayo. Musayembekezere magetsi kapena wophika. Chimene mudzapeza ndicho denga, malo osonkhapo moto, madzi a mumtsinje, ndi mlonda amene amasamala nyumbayo ndi kuthandiza za nkhuni. Ufa, ndiwo, mapoto ndi mabulangete zichokere kwanu. A bungwe la Mountain Club of Malawi amasunga ziwiya zao m'nyumbazi, koma zimakhala zokhomedwa, za mamembala okha.

Ena amakonda tenti, ndipo angaiimike pafupi ndi nyumbazi. Ine sindiiyamikira kwenikweni. Tenti ndi yolemera pa chikweza, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kumagwa chisanu choti udzu umayera mbuu. Nchito yake yeniyeni ndi pamene mwapeza nyumba itadzaza ndi alendo ena. Kotero gulu lalikulu litengeko imodzi kapena ziwiri.

Tsono za lamya. Foni imalankhula ndi nsanja imene iri pafupi, ndipo mau ake sabooleza thanthwe. Ife a mu Lilongwe tinazolowera nsanja za Airtel ndi TNM ponseponse, mwakuti tinaiwala zimenezi. Ku Mulanje nsanjazo ziri pansi, ku boma, ku Chitakale ndi ku Phalombe. Mukaima m'mphepete mwa phiri kapena pa chitunda poonekera midzi ndi minda ya tiyi, kawirikawiri foni igwira. Mukangotsikira m'chigwa chozingidwa ndi miyala, yafa. Ndipo nyumba zambiri zinamangidwa m'malo otero dala, pobisala mphepo ndi pofupi ndi madzi. Ndiye kuti pa nthawi imene amai anu akudikira foni kunyumba, inu muli pamalo pamene siingagwire.

Palinso vuto la batire. Foni imene ikusakasaka netiweki imatha moto msanga, ndipo kuzizira kumaonjezera. Muziizimitsa poyenda, muziyatsa pa chitunda pokha, ndipo tumizani uthenga wolemba, umene umadutsa ngakhale pamene mau akudukaduka. Usiku muziigoneka m'bulangete momwe mwagona inu.

Choopsa chenicheni pa phirili ndi chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imafika mosayembekezeka nibisa njira. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womtsogolera nakwera yekha ku Sapitwa. Mtembo wake unapezeka patapita pafupifupi milungu itatu. Mu nkhungu yotere, ngakhale foni itagwira, mudzawauza anthu kuti muli pati, miyala yonse ikufanana? Wotsogolera adziwa njira ndi mapazi ake, adziwanso zitunda zimene foni imagwira, ndipo mukamfunsa adzakuonetsani.

Makolo muwalembere pa pepala tsiku lokwera, nyumba imene mudzagona usiku uli wonse, tsiku lotsika, ndi nambala ya wotsogolera wanu. Muwauzenso kuti angathe kukhala masiku awiri osamva kanthu kuchokera kwa inu, ndi kuti ayambe kufunsa ku Likhubula ngati tsiku lotsika ladutsa muli chete.