Mudzi wa m'mapiri a Greece umene umadyera mkaka ndi mphesa

Mlimi aliyense woweta ziweto adziwa vuto la mkaka: ukaukama m'mawa, pofika madzulo wasasa, ndipo wogula ndiye amachula mtengo. Anthu a ku Metsovo, mudzi wa m'mapiri a Pindus kumpoto kwa dziko la Greece, analimbana ndi vuto limeneli kwa zaka mazana ambiri. Njira imene anapeza iri m'zakudya zao.

Metsovo ali pamtunda wopitirira mamita 1,100. M'nyengo yozizira kumagwa cipale cofewa ndipo msipu umasowa. Conco abusa a mtundu wa Vlach anali kutsika ndi nkhosa zao kupita ku zigwa za Thessaly ca kumapeto kwa October, nabwerera ku mapiri mu April. Otsala pamudzi anali kudya zimene anasunga.

Cimodzi mwa zakudya zosunga ndi trahanas. M'miyezi yotentha, mkaka ukaculuka, azimai amausasitsa ndi kuuphika pamodzi ndi tirigu wosinja. Phala louma limeneli amalinyenyanyenya, naliyanika, nalisunga m'matumba a nsalu. Cisanu cikafika amangotapako, kuthira madzi ndi kuwiritsa, ndipo banja ladya. Nzeru yake ndi imodzimodzi ndi ya mfutso, koma apa cosungidwa ndi mkaka.

Cina ndi pita. Mai amakanda ufa wa tirigu, naupulula mpaka upyapyale ngati pepala, ndiye amaika pakati cimene ciripo tsikulo: ndiwo za m'chire, anyezi, mazira kapena chizi. Kale anali kuphika m'thireyi yovundikira ndi citsulo, pamwamba ataikapo makala ndi phulusa lamoto. Anthu a kumeneko ndi a mpingo wa Orthodox, umene pa nyengo ya kusala salola nyama ngakhale mkaka. Pa masiku otere pita ya masamba okha ndiyo imasunga banja. Nyama yooca pa citsulo cacitali, imene amaicha kontosouvli, inali ya pa cikondwerero.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndi nkhondo ya paciweniweni imene inatha mu 1949, zinasiya midzi ya m'mapiri iri yosauka. Acinyamata anayamba kuthawira ku Athens ndi ku maiko akunja. Midzi yambiri inasanduka mabwinja.

Metsovo anapulumuka cifukwa ca anthu awiri amene makolo ao anali a mudziwo. Michael Tositsas, munthu wolemera amene anali kukhala ku Switzerland, anapereka cuma cake ku bungwe lothandiza mudzi, limene linakhazikitsidwa mu 1947. Evangelos Averoff, amene pambuyo pake anakhala nduna ya zakunja kuyambira 1956 mpaka 1963, ndiye anayendetsa bungwelo. Ndalamazo sanazigawe m'manja mwa anthu. Anamangira sukulu ndi zina zofunika, ndipo anatsegula fakitale ya chizi kuti mkaka wa alimi uzigulidwa pamudzi pomwepo.

M'fakitale imeneyo ndimo munabadwa Metsovone, chizi camtali cobulungira, comangidwa ndi cingwe. Amacipanga ndi mkaka wa ng'ombe, nthawi zina osakaniza pang'ono ndi wa nkhosa kapena wa mbuzi. Cimakhala miyezi yosacepera 3 kuti cikhwime, ndiyeno amacifukiza utsi. Kuyambira 1996 dzinali ndi lotetezedwa ndi lamulo la ku Ulaya: chizi copangidwa kwina sicingagulitsidwe ndi dzina la Metsovone. Apa ndi pamene pali phindu la mlimi. Mkaka wa tsiku limodzi wasanduka katundu wosaola msanga, wokhala ndi dzina limene wina sangabe.

Vinyo nayenso anatsata njira yomweyo. Minda ya mphesa ya m'matsitso a mapiri inali itasiyidwa. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Averoff anabweretsa mbeu ya Cabernet Sauvignon kucokera ku France naibzala kumeneko, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Vinyo wofiira amene anatuluka anamucha Katogi, mau otanthauza cipinda ca pansi pa nyumba mosungira vinyo. Pamalo okwera motere usiku kumazizira, mphesa zimapsa pang'onopang'ono, ndipo zokolola sizimaculuka, koma vinyo wake amagulidwa pa mtengo wabwino. Averoff anamwalira mu 1990, koma nchito ikupitirira, ndipo tsopano abzalanso mitundu yakale ya m'deralo monga Vlachiko.

Lero mseu waukulu wa Egnatia umapita pafupi ndi mudziwo kudzera m'ngalande zoboola mapiri. Alendo amaima kuti adye pita, alawe vinyo, agule chizi copita naco kwao. Nthaka ya Metsovo ikali ya miyala monga kale, cisanu naco sicinacepe. Cimene cinasintha n'cakuti mkaka ndi mphesa sizicokanso pamudzi ziri zosakonza, ndipo mwana wa mbusa ali ndi cifukwa cokhalira kwao.