Kulandira Mbalame Pakhomo

M'nyengo ya dzinja, ku Petauke ndi ku Nyimba kumagwa mvula yamphepo. Mphepo ikaomba usiku, zisa zina zimagwa m'mitengo. M'mawa ana popita kusukulu amapeza tiana ta mbalame tili pansi, tikunjenjemera. Pamenepo mkangano umayamba. Wina amati, "Ni kanga, ndine nayamba kukaona!" Wina amati, "Tiyeni tikasunge mu katoni."

Kufuna kuthandiza kambalame ndi mtima wabwino. Koma tiana tambiri totoledwa motere timafa pasanathe masiku awiri. Timafa m'manja mwa ana amene amatikonda.

Kamwana ka mbalame kamene kalibe nthenga sikatha kudzifunditsa. Kamafuna kutentha kwa make. Kamafunanso kudyetsedwa kawirikawiri kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo zakudya zake si nsima. Namzeze amadyetsa ana ake tizilombo touluka. Pumbwa amawapatsa tizilombo ndi zipatso zofewa. Palibe mwana wa sukulu angathe nchito imeneyi. Conco ngati cisa cikuoneka, kamwanako kayenera kubwezedwa m'cisa. Anthu ambiri amati mbalame imakana mwana wake ngati munthu wamugwira. Zimenezi si zoona. Makolo ake amabwera ndithu anthu akacoka pamalopo.

Nanga kamene kali ndi nthenga kale, kakungodumphadumpha pansi pa mtengo? Ako sikanatayike. Kakuphunzira kuuluka, ndipo make ali pafupi, akuyang'ana. Cofunika ndi kuingitsa agalu ndi acona, basi.

Mbalame yovulala ndiyo imafuna thandizo la munthu. Mwina yathyoka phiko ndi mwala wa legeni, kapena yamatidwa ndi ulimbo. Mwana aitane munthu wamkulu. Wamkuluyo aiphimbe ndi kansalu, aiike m'katoni yobooledwa timabowo, ndi kuika katoniyo pamalo amdima opanda phokoso. Asaithire madzi m'kamwa, cifukwa madziwo angalowe m'mapapo n'kuipha. Ndipo anzake a mwanayo asamatsegule katoni mphindi iliyonse kuti aone. Kwa mbalame yakuthengo, nkhope ya munthu ndi yoopsa ngati ya cilombo. Ikacira, ibwezedwe komwe inapezeka.

Pali mbalame zina zimene munthu sangazisunge panyumba mwa kufuna kwake. Lamulo la dziko la Zambia losamalira nyama zakuthengo, la caka ca 2015, limatetezanso mbalame. Wofuna kusunga cinkhwe kapena nkhwazi afunika cilolezo ca boma. Amene amayang'anira zimenezi ndi a Department of National Parks and Wildlife. M'midzi anthu ambiri akali kuwacha a ZAWA, dzina lakale. Munthu akapeza nkhwazi, kadzidzi kapena cinkhwe covulala, auze anyakwawa kapena aphunzitsi kuti uthenga ufike kwa iwo. Nkhwazi ndi mbalame ija ili pa mbendera ya dziko. Kadzidzi anthu amamuopa ndi kumuponya miyala, koma usiku amagwira makoswe amene amatha cimanga m'nkhokwe.

Kucigwa ca Luangwa kuli tizinkhwe tating'ono tobiriwira, tokhala ndi nkhope yofiirira ndi mlomo wofiira. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 14. Pa Cingerezi amaticha Lilian's Lovebird. Timauluka m'magulu, tikusokosa, ndipo timagona m'mphako za mitengo ikuluikulu ya mupani. Ndi tokongola zedi, n'cifukwa cake anthu ena amatikola kuti akatigulitse. Enanso amadula mitengo ya mupani kuti aoche makala, motero timasowa pogona. Wogula kacinkhwe kotere amaganiza kuti wakapulumutsa. Koma wogulitsa uja akalandira ndalama, mawa amapita kukakola tina.

Tsono mwana wokonda mbalame angawete ciani? Nkhunda. Nkhunda inazolowera kukhala ndi anthu kuyambira kalekale. Nthawi zina nkhunda imasowa mwini. Mwina banja likusamukira ku Lusaka kapena ku Chipata ndipo silingapite nazo. Mwina ambuya akalamba, sathanso kukwera kukhola. Nthawi zina nkhunda yotopa imangotera pakhomo. Ikatero, coyamba ndi kufunsa m'mudzi ngati pali amene yamusowa. Kusunga nkhunda ya mwini mwakacetecete ndi kuba, ndipo milandu yotere imafika kwa anyakwawa.

Asanailandire, mwana apemphe makolo. Amai angafunse kuti, "Nanga iwe ukapita kuholide kwa amalume ako, azikaipatsa madzi ndani?" Funso limeneli ndi labwino. Nkhunda yosamalidwa bwino imatha kukhala zaka 10 kapena kuposa. Mwana amene wailandira ali mu Giredi 3 angamalize sukulu ya pulaimale iyo ikali moyo, ikufunabe cakudya tsiku ndi tsiku.

Nkhunda yacilendo isasakanizidwe msanga ndi nkhuku kapena nkhunda zapakhomo. Ikhale payokha kwa milungu iwiri kapena itatu. Mbalame ingaoneke yamphamvu pamene m'thupi muli matenda. Oopsa kwambiri ndi cidelu, amene ena amati citopa. Matendawa akalowa m'mudzi amatha nkhuku khola ndi khola, ndipo banja limasowa cogulitsa pofuna ndalama ya sopo kapena ya mabuku. Mbalame ikamasinza masana, ikamatsegula m'mimba kapena kupinda khosi, makolo auze alangizi a ziweto. Mwana asagwire mbalame yakufa yokha, ndipo asambe m'manja ndi sopo nthawi zonse akacoka kukhola.

Kutsekera kumeneku kuli ndi phindu linanso. Nkhunda siiwala kwawo. Ikatsegulidwa tsiku loyamba, imauluka n'kubwerera kukhola lake lakale, ngakhale kutali. Ikakhala milungu ingapo ikudya pamalo amodzi, imayamba kuyesa malowo kwawo. Zazing'ono zimazolowera msanga kuposa zazikulu.

Khola la nkhunda limamangidwa pamwamba, pa mitengo, kuti acona, njoka ndi makoswe zisafikeko. Denga lisadonthe. Zitosi zicotsedwe kawirikawiri, ndipo zikaola ndi manyowa abwino a kudimba. Zakudya zake zimapezeka pakhomo pomwe: cimanga, mapira, mawere, mpendadzuwa ndi nshawa pang'ono. Zisakhale zoola kapena zacuku. Nkhunda imatolanso timiyala. Ilibe mano, conco timiyalato timagaya cakudya m'nthutumba. Madzi akhale oyera tsiku lililonse. Mwana wachelu adzaona kuti nkhunda siimwa ngati nkhuku. Nkhuku imatunga madzi n'kukweza mutu. Nkhunda imaviika mlomo n'kumangoyamwa mpaka itakhuta.

Nkhunda imodzi imasungulumwa. Ndi bwino kulandira ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Yaikazi imaikira mazira awiri. Zonse ziwiri zimasinthana kufungatira, yaimuna masana, yaikazi usiku, kwa masiku pafupifupi 18. Ana ake amachedwa maunda. Amabadwa osaona ndiponso opanda nthenga zenizeni. Masiku oyamba makolo onse awiri amawadyetsa cakudya coyera conga mkaka, cocokera m'cithokomiro cawo. Inde, ngakhale tate amatero. N'cifukwa cake bunda lotoledwa lili lakhanda ndi lovuta kulera. Pakatha milungu inai kapena isanu, maunda amakhala atamera nthenga ndipo amayamba kutuluka m'cisa.

Pamenepo nkhunda ziwiri zija zakhala zinai. Miyezi ikapitapo zimakhala zisanu ndi imodzi, ndipo khola limayamba kucepa. Mwana ndi makolo ake ayenera kugwirizana: kukulitsa khola, kugulitsa zina pamsika, kapena kupatsako mnzake wa m'kalasi. Akampatsa, amuuzenso kuti azitsekere milungu ingapo. Akapanda kutero, madzulo a tsiku lomwelo adzazipeza zitatera padenga la khola lawo lakale.