Foni yanu imalemba zonse, ife timangowerenga

Munthu akandipeza n'kunena kuti Wi-Fi ikumuvuta, ndimayamba ndamufunsa kuti yaduka nthawi yanji. Ambiri amadabwa, poti amayembekeza kuti nditsegula foniyo ndi sikuludiraiva. Koma ntchito yanga yambiri ndi yowerenga basi.

Foni iliyonse imasunga kaundula wa zochitika zake, amene timamutcha log. Mzere uliwonse umakhala ndi tsiku, ola, mphindi, mpaka tizigawo ta sekondi. Pa Android, mukagogoda kasanu ndi kawiri pa Build number mumatsegula Developer options, ndipo m'menemo muli Bug report. Pa iPhone kaundula wotere amatchedwa sysdiagnose. Mizere yake ndi masauzande ankhaninkhani, n'chifukwa chake popanda nthawi yeniyeni ndimangosakasaka mumdima.

Foni imalowa pa Wi-Fi ngati mlendo wofika pakhomo pa eni. Imayamba ndi odi, router n'kuyankha. Kenako ziwirizi zimatumizirana mauthenga anayi otsimikizira kuti zonse zikudziwa pasiwedi imodzi. Pakalephereka apa, pa Android pulogalamu ya wpa_supplicant imalemba reason=15, ndipo kawirikawiri ndiye kuti pasiwedi yalakwika. Mlendo akalowa amafunika mpando, womwe ndi adiresi ya IP yoperekedwa kudzera mu DHCP. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Siginolo imatha kukhala yamphamvu ndithu koma intaneti osayenda, chifukwa mipando yatha ndipo foni yangoima pakhomo. Palinso china: kuyambira pa Android 10 mu 2019 ndi iOS 14 mu 2020, foni imapereka nambala yoizindikiritsa, yotchedwa MAC, yosiyana pa netiweki iliyonse. Router ya pa ofesi imene imalandira mafoni olembedwa okha imatha kukana foni imene inkailandira kale.

Ofesi ina inandiitana chifukwa mafoni ankaduka tsiku lililonse masana. Anali atagula kale router yatsopano, ndalama zimene zimandipwetekabe mtima. Log inaonetsa kuti siginolo inali pa -55 dBm, mphamvu yabwino kwambiri, pakuti mavuto amayamba kuoneka ikatsika kupyola -70. Pasiwedi inali bwino, adiresi inalipo. Koma pakati pa 12:05 ndi 12:40 pankabwera mzere womwewomwewo, CTRL-EVENT-BEACON-LOSS, kusonyeza kuti foni yasiya kumva router imene inali pafupi pomwepo. Nditafunsa chimene chimachitika nthawi imeneyo, mayi wina anati ndi nthawi yotenthetsa nkhomaliro. Microwave inali kuseri kwa khoma limene anakhomapo router. Chipangizochi chimagwira ntchito pa 2.45 GHz, m'kati mwenimweni mwa dera la 2.4 GHz limene Wi-Fi yawo inkadutsamo. Tinasamutsira mafoni onse pa 5 GHz, vuto n'kutheratu tsiku lomwelo.

Chenjezo langa n'lakuti Bug report imanyamulanso zinsinsi: mayina a maakaunti, netiweki zimene munalowapo, ngakhale malo amene munapita. Musaitumize pa gulu la WhatsApp, mpatseni yekhayo amene akukonza.

Ndipo Wi-Fi ikadzadukanso, chonde musathamangire kufufuta zonse za m'foni kapena kuizimitsa, chifukwa mbali yaikulu ya log imafufutika foni ikazima, ndipo mizere yakale imalowedwa m'malo ndi yatsopano mwamsanga. Yang'anani wotchi, lembani ola ndi mphindi, tengani Bug report nthawi yomweyo, kenako mutipeze.